Kainjini kakang'ono m'boti lakale la matanga: kangalimbane ndi mwera?

Boti la matanga likamagulitsidwa ku Nkhata Bay, ku Chintheche kapena kumwera kwa nyanja, kawirikawiri limakhala lakale, la zaka 30, 40 kapena kuposa apo. Wogula wa ku Mzuzu akatsetsereka msewu wa M5 kukaliona, amayamba wasangalala ndi mlongoti ndi matanga. Mphwayi zimamugwira akatsegula chivundikiro cha injini n'kupeza kainjini ka dizilo ka silinda imodzi, ka mahosipawa (muyeso wa mphamvu ya injini) 8 kapena 9, m'boti lolemera matani atatu. Pagombe lomwelo asodzi a chilimira amangirira injini za 15, ena za 25 kapena 40, pa maboti a matabwa. Funso limabwera lokha: kodi kainjini aka n'kokwanira, kapena pokambirana mtengo tiwerengeretu ndalama za injini ina?

Yankho lathu n'lakuti nthawi zambiri n'kokwanira, bola kakhale kamoyo ndipo mphamvu yake izifikadi m'madzi. Koma kuno kumpoto kuli maulendo ena omwe kainjini kotere sikangawathe, ndipo munthu ayenera kuwadziwa asanapereke ndalama.

Tiyambe ndi liwiro, chifukwa ndi pomwe ambiri amasochera. Boti la matanga lokhala ndi chitsulo cholemera kunsi kwake silitsetsereka pamwamba pa madzi monga amachitira maboti opepuka othamanga. Limakankha madzi, ndipo pokankhapo limadzipangira funde kutsogolo ndi lina kumbuyo. Likamawonjezera liwiro, mpata wa pakati pa mafunde awiriwa umakula mpaka kufanana ndi kutalika kwa botilo. Zikafika apo, kumbuyo kwa boti kumatitimira, mphuno imayang'ana m'mwamba, ndipo kuti lipitirire liyenera kukwera funde lomwe ladzipangira lokha. Mphamvu iliyonse yomwe mungawonjezere imangokuza fundelo ndi kutentha mafuta.

Malire amenewa mutha kuwawerengera pa foni. Yezani kutalika kwa boti m'mamita, potsata mzere womwe madzi amalekeza, osati pamwamba pomwe anthu amaponda. Dinani chizindikiro cha √ pa nambala imeneyo, ndipo yankho lake mulichulukitse ndi 4.5. Boti lomwe m'madzi ndi lotalika mamita 6.5 silingapitirire makilomita pafupifupi 11.5 pa ola. La mamita 9 limalekeza pa 13.5. Kaya muikemo injini ya 15 kapena ya 40, malire ndi omwewo.

Chomwe chimapulumutsa kainjini kakang'ono n'chakuti mphamvu yofunika imakwera mofulumira kwambiri kuposa liwiro. Titenge boti la mamita 8, lomwe m'madzi ndi mamita 6.5, lolemera matani 3.5 litasenza anthu ndi katundu. Malinga ndi mawerengedwe omwe opanga maboti amagwiritsa ntchito, pa nyanja ya bata limafuna mahosipawa pafupifupi 3.5 kuti liziyenda makilomita 7 pa ola. Kuti lifike pa 9 pamafunika cha m'ma 7.5. Kuti lifike pa malire ake a 11.5 pamafunika 15. Taonani kuti mphamvu yachulukitsidwa kanayi, koma liwiro silinafike ngakhale pa kawiri. Ndi chifukwa chake opanga maboti a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 sankadandaula kuika mahosipawa awiri okha pa tani iliyonse. Kwa iwo ulendo unkayendetsedwa ndi thanga, ndipo ntchito ya injini inali kutulutsa boti padoko, kulilowetsa, ndi kulikankha mphepo ikaleka. Injini monga Yanmar 1GM10 ya mahosipawa 9, Bukh DV10 ya 10 ndi Volvo Penta MD1 zinapangidwira ntchito imeneyi.

Mulingo womwe timautsata ndi uwu: mahosipawa 2 pa tani amakwanira polowa ndi potuluka padoko komanso pa bata, 3 pa tani ndi wabwino pa maulendo ambiri, 4 pa tani ndi womwe umapatsa munthu mpata wolimbana ndi mphepo ya kutsogolo. Kupitirira 5 ndi kungosenza chitsulo. Koma samalani ndi matani omwe mukugawira. Kulemera kolembedwa m'mapepala a boti ndi kwa tsiku lomwe linatuluka m'fakitale, lopanda kanthu. Anthu asanu ndi mmodzi ndi makilogalamu oposa 400. Onjezani madzi akumwa malita 100, mafuta, mabatire, nangula ndi tcheni chake, zakudya, zipangizo, ndiponso madzi omwe thupi la boti lamwa pa zaka zonsezi, makamaka ngati ndi la matabwa. Boti lolembedwa matani 2.8 limafika pa 3.5 mosavuta.

Nambala ya pa chivundikiro cha injini nayonso si yoti muikhulupirire yonse. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndipo injini yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wochuluka m'injini) imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Pamenepo patayika kale 4 kapena 5 peresenti. Madzi athu opanda mchere ndi opepukirapo ndi 2.5 peresenti, choncho boti lochokera ku Durban kapena ku Dar es Salaam limamira pang'ono kuposa mmene linkakhalira kwawo. Ukalamba wa injini nawo umadya gawo lake. Injini yolembedwa 9 ikhoza kukhala ikupereka 7 kapena 7.5 basi, ndipo pa boti la matani 3.5 amenewo ndi mahosipawa awiri pa tani.

Tsopano mwera, womwe ndi mwini nkhani yonseyi.

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka cha mu Seputembala mphepo imeneyi imawomba kuchokera kumwera chakummawa, motsata kutalika kwa nyanja, ndipo imatha kukhala masiku angapo osapuma. Nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 550, choncho funde likamafika ku Nkhata Bay limakhala litayenda mtunda wautali likukula. Mafunde a m'nyanja yathu amabwera mothithikana ndiponso ndi oimirira, moti boti lalifupi silipeza mpata wopuma pakati pa funde lina ndi linzake. Likamenya limodzi limataya liwiro, ndipo lisanalipezenso lachiwiri lafika kale. Mu Julaye 1946, m'nyengo yomweyi, sitima ya Vipya inagubuduzika ndi kumira m'dera la kunsi kwa Livingstonia ndipo anthu 145 anataya miyoyo. Imeneyo inali sitima yachitsulo, ya injini zikuluzikulu.

Mphamvu ya mphepo pa boti imakula mwa njira yomwe imadzidzimutsa ambiri: liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi. Boti lathu la mamita 8, matanga onse atapindidwa, limaonetsabe ku mphepo mphuno, kanyumba, mlongoti, zingwe ndi anthu, zomwe tingaziyerekeze kukhala masikweyamita 6. Mphepo ya makilomita 36 pa ola imakankha malo otere ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 35. Ikafika pa makilomita 54 pa ola, kukankhako kumafika pa makilogalamu 80. Pulopela yabwino imakoka makilogalamu 10 mpaka 12 pa hosipawa iliyonse boti litaima, ndipo imakoka zocheperapo likamayenda. Ndiye kuti injini yopereka mahosipawa 7.5 ili ndi makilogalamu 75 mpaka 90 okha. Pa mphepo yoyambayo imatsala ndi mphamvu yolimbana ndi madzi ndi mafunde, ndipo boti limayenda, ngakhale mwapang'onopang'ono. Pa yachiwiriyo mphamvu yonse imathera kuimitsa boti pamalo amodzi. Choopsa chimabwera apa: boti likasiya kuyenda, madzi sadutsanso pa chiwongolero, chiwongolero chimasiya kugwira, ndipo funde limakankhira mphuno kumbali mpaka boti kugona chopingasa mafunde.

Onani mapu muone chomwe izi zikutanthauza. Chilumba cha Likoma chili makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Nkhata Bay, kumwera chakummawa, kumene mwera umachokera ndendende. Pa bata, pa liwiro la makilomita 8 pa ola, ndi ulendo wa maola pafupifupi 9. Mwera ukatsitsa liwiro kufika pa 4, ulendowo umapitirira maola 17, usiku ukupezani pakati pa nyanja ndipo mafuta omwe munawerengera aperewera. Kumpoto kwa Nkhata Bay, kulowera ku Usisya ndi Ruarwe, vuto ndi lina. Mapiri amatsikira m'madzi momwemo, gombe lambiri ndi la miyala, ndipo nyanja imazama msanga: malo akuya koposa m'nyanja yonse, opitirira mamita 700, ali m'chigawo chomwechi. Kupita kumeneko mwera uli kumbuyo ndi kosavuta. Pobwerera mumakumana nawo maso ndi maso, ndipo injini ikazima pafupi ndi miyala, nangula sangapeze pogwira mpaka mutayandikira gombe moopsa. Amene akufuna kuyenda njira zimenezi m'miyezi ya mwera, potsata tsiku lomwe walonjeza alendo kapena makasitomala, afunika mahosipawa 4 pa tani, osachepera apo. Amene angathe kudikira kuti mphepo itsike, ndipo amadziwa kuyenda ndi thanga, awiri ndi theka kapena atatu amukwanira.

Pali luso lomwe limakuza kainjini kakang'ono popanda kugula kanthu. M'malo molunjika mphuno mu mphepo matanga atapindidwa, kwezani thanga lalikulu mutalichepetsa, likokeni kuti lilimbe pakati pa boti, ndipo yendani mopatuka pang'ono, madigiri 25 mpaka 30 kuchoka komwe mphepo ikuchokera, injini ikulira. Thanga limawonjezera kukoka, limachepetsa kugwedezeka, ndipo boti limadula mafunde chammbali m'malo mowagunda. Njira imatalika chifukwa mumayenda mokhotakhota, koma mumafika msanga. Yang'anirani zinthu ziwiri: boti lisapendekeke kupitirira madigiri 15 kapena 20 kwa nthawi yaitali, chifukwa pampu ya oyilo itha kuyamba kukoka mpweya, ndipo onetsetsani kuti madzi akutulukabe ku ekizozi, popeza bowo lokokera madzi oziziritsa injini limatha kutuluka m'madzi boti likagona mbali imodzi.

Injini zambiri zomwe eni ake amati n'zazing'ono, vuto lake limakhala kwina. Poyamba ndi pulopela. Pa pulopela pamalembedwa nambala ziwiri m'mainchesi: yoyamba ndi kukula kwake, yachiwiri ndi mtunda womwe ikanayenda ikazungulira kamodzi. Nambala yachiwiriyi ikakhala yaikulu kwambiri, injini imalephera kufika pa kuzungulira kwake kokwanira, imatulutsa utsi wakuda ndipo imatentha, monga lole yodzaza yomwe ikukwera Chiweta ili m'giya yapamwamba. Ikakhala yaing'ono kwambiri, injini imangokuwa boti osayenda. Kusintha nambala imeneyi ndi inchi imodzi kumasintha kuzungulira kwa injini ndi 150 mpaka 200 pa mphindi. Maboti ambiri akale ali ndi pulopela ya mapiko awiri opyapyala, kapena yopindika yokha, yomwe anaisankha kuti isamakoke madzi poyenda ndi thanga. Kuika ya mapiko atatu kumachotsako pang'ono liwiro la pa thanga, koma kumasintha kwambiri mmene boti limakankhira mafunde ndi mmene limaimira mukaika giya yobwerera kumbuyo pofika padoko. Kwa boti la kuno kumpoto, ife tingasankhe ya mapiko atatu.

Chachiwiri ndi kunsi kwa boti. M'madzi opanda mchere mulibe tizigoba tomwe timamatirira maboti a kunyanja ya mchere, koma ndere zimamera msanga m'madzi ofunda, ndipo boti lomwe lakhala pa nangula miyezi ingapo limatha kutaya kilomita imodzi kapena awiri pa ola chifukwa cha zimenezi zokha. Ndere za pa pulopela ndiye zoipa koposa. Musayese injini musanakweche kunsi ndi burashi.

Chachitatu ndi mafuta, ndipo apa ndi pomwe maboti amazimira pa nthawi yoipitsitsa. Thanki yakale ya dizilo imakhala ndi madzi ndi matope akuda pansi pake. Pa bata zonsezi zimakhala chete ndipo injini imalira bwino. Mafunde akayamba, matope amavunduka, amatseka fyuluta, injini imayamba kutsika ndi kukwera yokha kenako n'kuzima. Thanki ikakhala ndi mafuta ochepa, kugwedezeka kumalowetsa mpweya m'paipi, ndipo injini ya dizilo siilira mpaka mpweyawo utachotsedwa pomasula kabawuti ka pa fyuluta ndi kupopa ndi dzanja. Boti lakale lililonse litsukidwe thanki, liikidwe fyuluta yolekanitsa madzi pakati pa thanki ndi injini, ndipo mwini wake aphunzire kuchotsa mpweya boti lili padoko. Mafuta ogula m'zigubu pa nthawi yomwe asowa m'mafilingi sitesheni asefedwe pothira. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, yomwe inayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982. Ethanol imakoka chinyezi, imafewetsa mapaipi akale a labala, ndipo petulo wotere akakhalitsa m'kabuleta amasiya zomata zomwe zimatseka timabowo ta mafuta. Injini ya petulo yomwe ikhale milungu ingapo osagwira ntchito, ichotsedwe paipi ya mafuta ikulira kuti imalize omwe ali m'kabuleta.

Chachinayi, chomwe amakaniko ozolowera magalimoto amachiiwala, ndi chigongono cha ekizozi, pomwe utsi umakumana ndi madzi. Mwaye ndi dzimbiri zimachitseka pang'onopang'ono mpaka bowo kutsala ngati la chala, ndipo injini yosatha kutulutsa utsi singapereke mphamvu. Kuchimasula ndi ntchito ya mabawuti ochepa. Injini zing'onozing'ono zambiri zakale zimaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja olowa m'thupi mwake mwachindunji, choncho yomwe inagwirapo ntchito m'madzi a mchere imakhala ndi njira za madzi zotsekeka ndi mchere ndi dzimbiri. Imalira bwino ikamayenda pang'onopang'ono, koma mukaikankha mphindi khumi imatentha.

Nanga boti lomwe injini yake ndi yopachika kumbuyo, ngati za asodzi? Apa nambala ya mahosipawa imanamiza kwambiri. Yamaha Enduro ya 15, yomwe ili pa magombe ambiri ndipo zipangizo zake sizivuta kupeza, ili ndi pulopela yaing'ono, ya mainchesi 9 ndi kota, yozungulira mofulumira. Inapangidwira boti lopepuka. Pa boti lolemera la matanga, pulopela ya nambala yachiwiri 10 kapena 11 imaikanikiza injini kuti isafike pa kuzungulira maulendo 4,500 mpaka 5,500 pa mphindi, pomwe mphamvu yake ili. Ikani ya 8 kapena yocheperapo. Pali injini zopangidwira maboti olemera, monga Yamaha T9.9, yomwe imazungulira maulendo 2.92 kuti pulopela izungulire kamodzi, pomwe Enduro imazungulira maulendo 2.08, ndipo imazunguza pulopela yaikulupo pang'onopang'ono. Pa boti la matani atatu, injini yotere ya 9.9 imakankha mofanana kapena kuposa ya 15 wamba.

Kutalika kwa mwendo wa injini n'kofunika kuposa mphamvu yake. Miyendo ilipo ya mainchesi 15, 20 ndi 25. Boti la matanga likamakwera ndi kutsika mafunde, kumbuyo kwake kumanyamuka kwambiri, pulopela imatuluka m'madzi, injini imakuwa, kenako imamiranso n'kugwira mwadzidzidzi. Pa nthawi yomwe ili m'mwamba boti silikankhidwa, pampu ya madzi imakoka mpweya, ndipo kugwira kwadzidzidziko kumawononga labala ya mkati mwa pulopela. Injini ya 25 ya mwendo waufupi imagonja kwa ya 8 ya mwendo wautali mafunde akakula. Sankhani mainchesi 25 ngati ikupezeka, 20 ngati palibe, ndipo chopachikirapo chikhale choti chitha kutsitsidwa. Kumbukiraninso kulemera: ya 15 ili ndi makilogalamu pafupifupi 40, ya 40 imapitirira 70, ndipo katundu wotere kumapeto kwenikweni kwa boti amawonjezera kudumpha komwe kukutulutsa pulopela m'madzi.

Pa mafuta kusiyana n'kwakukulu. Injini ya dizilo imamwa pafupifupi kota ya lita pa hosipawa iliyonse pa ola, choncho kainjini ka 9 koyenda pa liwiro la ulendo kamamwa lita imodzi ndi theka kapena kucheperapo, ndipo ulendo wa bata wa ku Likoma ungathe malita 12 mpaka 14. Ya petulo wosakaniza ndi oyilo ya 15 imamwa malita 7 kapena kuposa pa ola ikatsegulidwa yonse, ndipo pa ulendo womwewo, ngakhale muiyendetse mofatsa, konzekerani malita 30 mpaka 35. Kasakanizidwe ka 50 kwa 1 ndi mamililita 400 a oyilo m'chigubu cha malita 20. Ponyamula mafuta tsatani lamulo la magawo atatu: limodzi la popita, lina la pobwerera, lachitatu losakhudza.

Musanagule, yesani boti pamadzi. Kuliza injini yopachika m'mgolo wa madzi kuno ku Mzuzu kumangosonyeza kuti imalira ndipo imapopa madzi. Sikunena kanthu za mphamvu yake. Ndipo musalole munthu kuiliza pouma ngakhale kwa kanthawi, chifukwa impela, kapulopela ka labala kopopa madzi oziziritsa injini, imapsa mphindi imodzi isanathe. Fikani padoko m'mawa injini isanalizidwe, igwireni ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa injini ya dizilo yotha mphamvu ya m'silinda imavuta kulira ikazizira koma imalira msanga ikafunda. Yang'anani utsi. Wakuda ukusonyeza kulemedwa, kuchepa kwa mpweya kapena inijekita (chofayira dizilo m'silinda) yotha. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Woyera womwe sukutha injini itafunda ndi dizilo wosapsa bwino kapena nthunzi ya madzi, ndipo zonse ziwiri zifunika kufufuzidwa. Oyilo wooneka ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi.

Kenako kwezani anthu ndi katundu wofanana ndi yemwe muzidzanyamula, tulukani kunja kwa doko, ndipo tsegulani injini yonse kwa mphindi 10 mpaka 15. Iyenera kufika pafupi ndi kuzungulira kolembedwa pa kachitsulo ka pa thupi lake, kosaperewera ndi zoposa 100 kapena 200. Pa Yanmar 1GM10 nambala imeneyi ndi 3,600. Ngati ikufika pa nambala yake giya ili pakati koma ikulekeza pa 2,800 giya italowa, yambani kukayikira pulopela, ndere ndi ekizozi musanaiweruze injini. Liwiro liyezeni ndi GPS ya pa foni, kupita ndi kubwerera njira yomweyo, n'kutenga nambala ya pakati. Ngati n'kotheka bwerezani tsiku la mphepo, mphuno italunjika m'mafunde. Boti lomwe likusungabe makilomita 5 kapena 6 pa ola pa mwera wapakatikati, chiwongolero chikugwira bwino, lili ndi injini yokwanira.

Kukoka kwenikweni kumayezekanso. Mangani chingwe cholimba kuchokera kumbuyo kwa boti kukafika pa chitsulo cha padoko, pakati pake muikepo sikelo yopachika ya makilogalamu 200, yonga yoyezera matumba a chimanga. Madzi akhale akuya bwino, aliyense achoke pa mzere wa chingwe kuopa chingaduke, lowetsani giya mofatsa mpaka chingwe chikungike, ndipo tsegulani injini kwa masekondi ochepa. Injini ya 9 yomwe ikukoka makilogalamu 80 kapena 90 ili bwino. Ikakoka 50, pali mphamvu yomwe ikutayika penapake, ndipo kuipeza n'kotchipa kuposa kugula ina.

Ngati zonsezi zakonzedwa koma boti likulepherabe, ndiye nthawi yoganiza zosintha injini, ndipo ntchito imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera. Kuchoka pa silinda imodzi kupita pa ziwiri, monga Yanmar 2GM20 ya mahosipawa 18, kumafuna mipando ya injini yatsopano chifukwa miyendo siigwera pamalo amodzi. Pulopela iyenera kukula, koma pakati pa nsonga ya phiko lake ndi thupi la boti payenera kutsala mpata wa 10 mpaka 15 peresenti ya kukula kwa pulopelayo, apo ayi boti limanjenjemera ndi kuchita phokoso. Maboti ambiri akale alibe malo amenewa, ndipo injini yaikulu yozunguza pulopela yaing'ono yomwe ija siwonjezera kanthu kooneka. Shafti, chitsulo chozunguza pulopela, iyezedwe ngati ingapirire, paipi ya ekizozi ndi bowo lokokera madzi mwina zikule, ndipo polumikiza shafti ndi giyabokosi kusiyana kusapitirire 0.1 milimita kuzungulira mbale yolumikizira ya mamilimita 100, boti lili m'madzi. Kukulitsa mopitirira kulinso ndi vuto lake: injini ya dizilo yomwe imangoyenda mopepuka nthawi zonse siifika pa kutentha koyenera, mkati mwa silinda mumasalala, imayamba kudya oyilo ndi kudzaza mwaye. Injini yaing'ono yogwira ntchito pa magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake imakhala nthawi yaitali kuposa yaikulu yongoyenda mwaulesi. Tisaiwalenso kuti tiinjini tambiri ta silinda imodzi timalizika ndi handulo batire ikafa, chinthu chomwe ku Ruarwe, komwe kulibe msewu wa galimoto, n'chofunika kwambiri. Musaike injini ya galimoto ya petulo mkati mwa boti: nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imakhazikika pansi pa boti, ndipo kamoto kamodzi ka sitata n'kokwanira kuliphulitsa. Amene akufuna kunyamula anthu olipira akumbukirenso kuti boti liyenera kuyenderedwa ndi a boma oona za maulendo a pamadzi.

Kainjini komwe mwasankha kukasunga kafunika chisamaliro chosadumphadumpha: oyilo asinthidwe pa maola 100 mpaka 150 aliwonse kapena kamodzi pa chaka, impela kamodzi pa chaka ndipo msanga kuposa apo ngati mumakocheza pa magombe a mchenga, ndipo mpata wa mavalavu pa injini za Yanmar GM ndi 0.2 milimita injini itazizira. Kachitsulo koteteza dzimbiri pa shafti kakhale ka magnesium, chifukwa ka zinc, komwe boti lochokera kunyanja ya mchere limabwera nako, kamachita chikhungu m'madzi athu n'kusiya kugwira ntchito. Mafyuluta, malamba ndi mapaipi ena amapezeka m'mashopu a zipangizo za magalimoto mu Mzuzu mukapita ndi chakale kukafananitsa, ndipo shafti itha kuwongoledwa kwa osula zitsulo pa makina. Koma impela, magasiketi, inijekita ndi chigongono cha ekizozi za injini za m'madzi nthawi zambiri zimachita kuitanitsidwa kunja ndipo zimatenga milungu. Lembani nambala zonse za pa kachitsulo ka injini ndi ka giyabokosi tsiku lomwe mukukaona boti, fufuzani ngati zipangizo zake zikupangidwabe musanagwirizane mtengo, ndipo ma impela awiri, mafyuluta a dizilo atatu ndi lamba mmodzi zikhale zili m'boti mwezi wa Epulo usanathe.